Mutu 6: Mabowo Anayi a Misomali

1. Funso la a Sebastiao

Mércia anali mtsikana wa Folomu 4 pa sekondale ina ya m'dera la Kanduku, ku Mwanza. Kwawo kunali kuseri kwa Thambani, pafupi ndi malire a Mozambiki, ulendo wa maola atatu pa njinga. Kuyendera sikukanatheka, choncho ankagonera ku hositelo ya atsikana imene makolo anamanga okha, njerwa kuumba okha.

Hositeloyo inali chipinda chimodzi chachitali chogona atsikana makumi atatu ndi awiri. M'mazenera munali zitsulo. Chitseko chinali chimodzi basi.

Tsiku lodzamusiya kumayambiriro kwa Folomu 4, hositeloyo itangotsegulidwa, bambo ake a Sebastiao sanafunse za chakudya kapena za matiresi monga ankachitira makolo anzawo. Iwo analunjika pachitseko, n'kuchigwedeza, n'kuchisuzumira uku ndi uku. Kenako anaitana amatironi, a Deliwe, amene ankayang'anira atsikanawo.

"Mayi, ndimvetse bwino. Ana awa amadzitsekera, kapena mumawatsekera?"

A Deliwe anaseka. "Aaa, bambo, si chimodzimodzi kodi? Kutseka n'kutseka basi."

"Si chimodzimodzi ayi. Ndiyankheni."

"Amadzitsekera okha. Onani mpiringidzo uwu, uli mkati."

A Sebastiao anagwedeza mutu, n'kutengera mwana wawo pansi pa mtengo wa manachesi umene unali kuseri kwa makalasi.

"Mwananga, khala pansi undimve," anatero. "Iwe umangodziwa kuti tinabwera kuno pothawa nkhondo. Za azakhali ako a Leonor sindinakuuzepo. Ine ndinali ndi zaka khumi. Agogo ako akamapita kumunda ankatitsekera m'nyumba, n'kumanga chitseko ndi waya kunja, ati anthu amfuti akadutsa aziyesa mulibe munthu. Usaganize kuti anali ankhanza. Ankatikonda, ndipo ankati akutiteteza.

"Tsiku lina ine ndinapita nawo kumunda. Leonor anatsala chifukwa ankamva mutu. Anthu amfuti aja anadutsadi. Ataona chitseko chomanga kunja anati muno mulibe munthu, n'kungoyatsa denga, n'kumapita. Leonor anali ndi miyendo iwiri yabwinobwino, mwananga. Akanatha kuthawa. Anthu amati anafa ndi moto, koma ine ndimati anafa ndi waya uja.

"Ndiye tamva. Chitseko chotseka mkati chimaletsa mdani kulowa. Chotseka kunja chimaletsa iweyo kutuluka. Mbuzi ndiyo timaitsekera, munthu amadzitsekera yekha. Tsiku limene ndidzamve kuti wagona m'nyumba ya loko wa kunja, ndidzakutenga tsiku lomwelo, kaya mayeso ali mawa. Ndilibe munthu wina wopereka ku moto."

Mércia analonjeza kuti akadzaona zotere adzanena.

2. Lachiwiri m'mawa

Koma abale, lilime la munthu lilibe fupa. Patangotha masabata awiri, a Deliwe omwe aja anabwera ndi hamala, n'kukhoma kachitsulo kokolowekamo loko pafelemu, kunja. Ati atsikana ena akuzemba kupita kumagolosale. Kuyambira pamenepo, atsikana akangolowa madzulo, iwo ankakhoma loko wamkulu, kiyi n'kumanga pamfundo ya chitenje, n'kumapita kukagona kwawo kutsidya kwa mtsinje. Ankabwera kudzatsegula sikisi koloko m'mawa.

Mércia sanakaulule kwawo. Patchuthi bambo ake akafunsa, ankayankha kuti, "Timadzitsekera, ababa." Musafulumire kumuweruza. Mwanayu ankafuna kulemba mayeso a Folomu 4, ndipo ankadziwa kuti bambo ake sabweza mawu.

Mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali Doris, hedigelo wa pasukulupo. Awiriwa anayamba kugwirizana ali Folomu 1. Sopo ankadula pakati, bulangete la Juni ankafunda limodzi, ndipo anyamata ankawaseka kuti ndi khasu ndi mpini.

Kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe, Lachiwiri m'mawa kukuyera, Doris anadzuka kuti awerenge. Popeza kuhositelo kunalibe magetsi, anayatsa kandulo n'kumuimika pasutikesi. Tulo tinamuba. Kandulo uja anagwa, moto n'kugwira neti yake.

Mayo ine, chipwirikiti chake! Atsikana onse anathamangira kuchitseko. Anachotsa mpiringidzo, n'kukoka, n'kukankha, n'kumenya ndi mapewa, koma chitseko sichinasunthe. Ena anakakamira zitsulo za m'mazenera akukuwa. Mlonda anali ataweruka kale.

Mércia yekha ndiye anathamangira kumene kunali moto. Anagwira neti yoyakayo ndi manja, n'kuikoka kuichotsa pa Doris. Neti inasungunuka n'kumumatira pamkono. Atsikana ena awiri anathira madzi a mu ndowa pamatiresi, moto n'kuzima.

A Deliwe anafika sikisi koloko monga mwa masiku onse, n'kupeza utsi ukutuluka m'mazenera. Anapita naye Mércia kuchipatala, ndipo kumeneko ananena kuti wapsa ndi phala.

3. Pangano

Loweruka la sabata lomwelo kunali msonkhano wa makolo. Lachinayi masana, atsikana akuchapa pamjigo, Doris anawasonkhanitsa onse.

"Anzanga, tikanafa tonse ngati mbewa m'una," anatero. "Loweruka tinene. Mércia, iweyo uyambe, popeza bala lili pa iwe. Ukangoimirira, tonse tiimirira pambuyo pako."

"Ukudziwa zomwe ananena ababa," anayankha Mércia. "Akamva za loko anditenga, mayeso sindilemba."

"Akutengeranji loko atachoka? Tikaimirira tonse, makolo amuchotsa tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga, mnzanga. Iwe unandichotsa m'moto, ine ndingakusiye wekha? Ndithu pali Mulungu!"

Doris ananyambita chala n'kuloza kumwamba. Atsikana onse anachita chimodzimodzi. Mércia anavomera.

Koma pamjigo pamadutsa anthu ambiri, ndipo nkhani siichedwa kumera miyendo. Lachisanu Doris anaitanidwa ku ofesi ya ahedi, a Stafford. Anatulukako maso ali psuu. Mércia atamufunsa, anangoti, "Za ntchito yanga basi."

Loweruka m'mawa a Deliwe anazula kachitsulo kaja pafelemu. Atatha anaitana Mércia pambali, n'kumupatsa juzi.

"Vala, kukuzizira," anatero. "Ndipo undimvere ine ngati mayi wako. Pamsonkhano wa akuluakulu mwana amakhala chete. Ndaona atsikana ambiri anzeru ngati iwe atawonongeka chifukwa cha pakamwa. Bala lako likupola, palibe wafa, ndiye ufuna chiyaninso? Masabata atatu okha, ulemba mayeso, uzipita kwanu. Ukayenda siya phazi, mwanawe, ukasiya mlomo ukutsata."

Mércia anavala juzi ija.

4. Msonkhano wa makolo

Makolo anabwera ambiri, ena pansi, ena pa njinga. Anakhala pamabenchi pabwalo la sukulu, ophunzira n'kukhala pansi chakumbali. Nkhani yaikulu inali ya chitetezo cha ana, ndipo madandaulo anali mbwee.

Bambo wina anati sukulu ilibe mpanda, aliyense amangodutsa ngati pamsika. Wina anati mlonda ndi nkhalamba, tochi yomwe alibe. Mayi wina anadandaula za anyamata akabaza amene amaima panjira ya kumjigo n'kumanyengerera atsikana ndi mandasi.

Kenako anaimirira a Enelesi, amayi ake a Doris. Mayi amenewa anali ndi chilonda chawo mumtima.

"Ine ndinali ndi mwana wamkulu pasukulu pano, hositelo isanamangidwe," anatero. "Ankachita lendi kanyumba kuseri kwa bala uko. Ndinagulitsa mbuzi zitatu kuti aphunzire. Anandibweretsera satifiketi? Anandibweretsera mdzukulu, bambo wake sitimudziwa mpaka lero. Ndiye ndikupempha, mutigwirire ana athuwa zolimba. Tikamagona kumudzi tizidziwa kuti mwana ali mkati."

Anthu anaomba m'manja. A Stafford anaimirira n'kukonza tayi. "Makolo, mitima pansi. Ana anu ali m'manja abwino. Chaka chino sitinakhale ndi vuto lililonse kuhositelo."

A Sebastiao anakweza dzanja. "Ine funso langa ndi lakale lomwe lija. Ana awa amadzitsekera, kapena amatsekeredwa?"

Anthu ena anaseka. "Abambo a chitseko aja ayambapo," wina ananong'ona mokweza.

"Amadzitsekera okha, bambo," anayankha a Deliwe, nkhope ili gwa.

Pamenepo Mércia anaimirira. Anavula juzi n'kukweza mkono. Bandeji inayambira pachigongono mpaka m'zala.

"Pepani makolo, ndilankhule ndine mwana. Ili si bala la phala. Lachiwiri m'hositelo munabuka moto. Tinalephera kutuluka chifukwa amatikhomera loko kunja, ndipo kiyi amagona naye kutsidya. Akhala akutitsekera kuyambira temu yoyamba. Anzangawa ndi mboni."

Anatembenuka kuyang'ana anzake aja.

Kalanga ine! Atsikana makumi atatu ndi mmodzi, zala zonyambita zija, onse maso pansi. Wina ankathothola udzu, wina ankakonza sokosi.

Kenako Doris anadzuka pang'onopang'ono. Mtima wa Mércia unakhala m'malo, mpaka anamwetulira.

"Makolo," anatero Doris, akuyang'ana nsapato zake, "ine monga hedigelo ndikuti kuhositelo kulibe loko. Kandulo anayatsa ndi Mércia, pomwe ndi zoletsedwa. Akuopa chilango, n'chifukwa chake akupeka nkhaniyi."

Mércia anayang'ana mnzake uja. Bala la pamkono linali lowawa, koma silinafike pamenepa. Chinamupweteka kwambiri n'choti Doris ankalankhula atavala riboni imene Mércia anamubwereketsa m'mawa womwewo.

Phokoso linabuka. "Mwana wabodza!" "Alangidwe!" Ndiye munthu wina kumbuyo, wopanda manyazi, anaponya mawu akuti, "Ana a obwera ndi otero." Chonsecho mwanayu mchombo wake unagwera pa Thambani pomwepa.

A Stafford anatambasula manja. "Amene akukayika apite akaone yekha chitseko."

5. Pachitseko

A Sebastiao anadzuka, n'kuvala chipewa, n'kulunjika kuhositelo. Mércia anawatsatira, ndipo makolo angapo anabwera pambuyo.

Chitseko chinali bwinobwino. Mpiringidzo unali mkati, kunja kopanda kanthu. A Deliwe anapinda manja pachifuwa.

Koma a Sebastiao sanakhulupirire maso. Anayendetsa zala pafelemu kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, monga amachitira pofufuza munga m'tayala la njinga. Atafika chapakati anaima, n'kununkhiza chala. Anatola kamtengo n'kutokosa pamenepo. Munatuluka sopo wobiriwira. Anatokosanso pambali pake, kenako pamunsi, mpaka mabowo anayi a misomali anaonekera poyera.

"Apa panali kadiyado," anatero. Akakwiya, loko ankamutchula m'chinenero cha kwawo. "Mayi, mwamata ndi sopo. Kodi moto mukanaumatanso ndi sopo?"

A Deliwe anayang'ana kumbali. Amene anayankha ndi a Enelesi.

"Musawakalipire, bambo. Ndife tinawapempha, ife a komiti ya makolo. Bola mwana wotsekeredwa kusiyana ndi mwana wa mimba."

Ha! Ndiye kuti ena mwa anthu amene ankakuwa kuti mwana wabodza ankadziwa zonse. Ankakuwa kuti abise zawo.

A Sebastiao anavula chipewa n'kulankhula motsitsa.

"Mayi, mantha anu ndikuwamva. Inenso ndine kholo, ndimagona ndi diso limodzi. Koma mwana wanu wamkulu uja ali moyo. Mumadya naye, mumakangana naye, mdzukulu mumamubereka kumbuyo. Ine mlongo wanga sindinapeze ngakhale choika m'manda. Mukaopa akabaza, mangani mpanda, njerwa tiumbanso. Mukaopa kuti ana azemba, amatironi azigona momwemo ndi anawo. Mukaopa mdima, gulani tochi ya mlonda. Zonsezi n'zovuta, zimafuna thukuta, n'chifukwa chake mwasankha loko. Loko uyu sakuteteza ana athu. Akuteteza tulo tathu ife makolo."

Makolo aja mmodzimmodzi anabwerera kubwalo, kumene a Stafford anali atayamba kale nkhani ya ndiwo.

A Sebastiao anatembenukira mwana wawo. "Wagona miyezi ingati chonchi?"

"Isanu ndi itatu, ababa."

"Ndipo patchuthi paja unandiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti mumadzitsekera."

Mércia anagwada pansi, misozi ili chuchuchu. "Ndinalakwa. Ndimaopa kusiya sukulu."

"Lero wanena zoona pamaso pa anthu, ndipo sindikuchita nawe manyazi. Koma wandinamiza miyezi isanu ndi itatu, ndipo anthu awa sakusintha. Katenge katundu wako."

"Ababa, mayeso atsala masabata awiri ndi theka!"

"Ndinanena kale. Katenge katundu."

M'hositelo anapeza Doris atakhala pabedi, pafupi ndi khoma lakuda ndi utsi. Mércia anayamba kulongedza ndi dzanja limodzi.

"Mércia, undimvetse," anatero Doris akulira. "Ahedi anatiuza kuti nkhaniyi ikamveka kuboma hositelo itsekedwa, ndiye tonse tikalembera kuti mayeso? Amayinso anati ndikawachititsa manyazi ndisabwerere kunyumba. Ndikanatani?"

"Ukanangokhala pansi ngati anzathuwo," anayankha Mércia. "Kukhala chete ndikanakumvetsa. Koma iwe unaimirira." Anakweza mkono wa bandeji uja. "M'kati umu muli neti yako, Doris."

Doris anamasula riboni kuti abweze. Mércia anatseka sutikesi n'kutuluka osailandira.

6. Pachitunda

Msonkhano unatha cha m'ma folo koloko. Makolo anabalalika, aliyense njira yake. A Sebastiao anamanga sutikesi pakaliyala ndi chingwe cha mphira, n'kuyamba kukankha njinga pachitunda cha kuseri kwa sukulu. Mércia ankayenda pambuyo, mabuku ali m'manja.

Ali pakati pa chitunda, kumunsi kunamveka phokoso.

Kho! Kho! Kho!

Mércia anacheuka. Pakhomo la hositelo panali a Deliwe, hamala ili m'manja. Sanadikire n'komwe kuti fumbi la makolo likhazikike. Ankabwezera misomali m'mabowo omwe aja.

Mércia anaika mabuku pansi. "Ababa, ine sindipitirira."

"Watani?"

"Mwanditulutsa ine ndekha. M'menemo mwatsala anthu makumi atatu ndi mmodzi, ndipo mayeso ali pafupi, aliyense ali ndi kandulo m'sutikesi. Muli Doris."

"Yemwe wakunamizira pagulu uja?"

"Yemweyo. Sindikufuna kumuonanso, mtima ukundiwawa kwambiri. Koma ababa, azakhali a Leonor akanakhala kuti anakunamizirani dzulo lake, waya uja mukanamusiya?"

A Sebastiao anaima nji. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumunsi.

"Maofesi a maphunziro kuboma atsegula Lolemba," anatero. "Lero ndi Loweruka."

"Ndiye agona kawiri ndi loko ameneyo."

Kho! Kho!

A Sebastiao anamasula sutikesi n'kuiika pansi pa mtengo. Anatsegula kachikwama ka zida za njinga kamene kanali pansi pa chishalo, n'kutulutsa pulayazi, n'kuika m'thumba la jekete. Kenako anatembenuza njinga kuloza kumene anachokera.

"Kwera," anatero. "Koma udziwe kuti tikakagwira chitseko chija atiitanira apolisi."

Mércia anakwera pakaliyala n'kugwira jekete la bambo ake ndi dzanja labwino lija. Kumunsi hamala inasiya kulira, ndipo a Deliwe anaimirira n'kutchinga dzuwa ndi dzanja kuti aone njinga imene inkatsika chitunda.